Tsamba 212

Lachiwiri m'mawa mvula inkatsuka miyala ya m'misewu ya Lisbon.
Ndinakwera kasitima kachikasu, chikwama ndachikumbatira pachifuwa
ngati mwana wodwala malungo.

Dzina langa ndi Graciete Valadão.
Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwerenga mabuku a mabanki
monga dokotala aunika chithunzi cha mapapo:
apa pali mthunzi, apa mpweya ukudutsa.
Ntchito yanga ndi kuona kuti banki isagwe.
Zoti ikuponda ndani kuti iime chilili,
limenelo ndi funso la nyumba ina, kuseri kwa chitunda,
kwa oyang'anira mpikisano wa malonda.

Koma manambala sadziwa malire a maofesi.
Mu Malichi mabanki atatu anakweza ndalama yodula pa khadi,
tsiku limodzi, mlingo umodzi,
ngati anthu atatu oyetsemulira pamodzi m'tchalitchi.
Mu Juni anabwereza.
Ngozi sibwera kawiri itavala malaya omwewo.

Pangano la nyumba ziwirizi lili ndi masamba khumi ndi asanu ndi anayi.
Limanena chimene ndingapereke, kwa yani, chifukwa chanji,
ndipo limati mayina a makasitomala adetsedwe.
Ndinadetsa usiku wonse, mzere ndi mzere,
mpaka mapepala anasanduka mbidzi.

Pa tsamba 212 maso anathamangira dzanja:
Telmo Valadão, wogulitsa nsapato, msewu wotsetsereka wa ku Graça.
Mlongo wanga.
Amene anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato
atagwada pakhonde, lilime lili panja.
Inki inamuphimba monga inaphimbira enawo,
osawonjezera, osachepetsa.

Bambo Sequeira anandilandira m'chipinda chopanda zenera.
Mafoni athu tinawatsekera m'kabati, awiriwo akagone limodzi.
Iwo anali ndi chimfine, mpango uli m'manja,
anasaina, ndinasaina, nthawi tinalemba: 10:40.
Mawu otsegulira failo adzabwera padera, mawa, ndi munthu wina
amene nkhope yake sindidzaiona.
"Khofi?" anatero.
Tinamwa titaimirira, tikukamba za denga lawo lodontha,
pakati pathu pali chinthu cholemera ngati mabanki atatu
chimene palibe anachitchula.

Lamulungu kwa Telmo kunali bakayawo ndi mbatata.
Tisanadye anayala malisiti patebulo,
nawasalaza ndi chikhatho chonunkha guluu.
"Taona, Graciete. Nsapato iliyonse yotuluka pakhomo panga
iwo amalumako chidendene.
Ndinachoka ku banki iyi, ndinapita ku inayo, mtengo womwewo.
Yachitatu, womwewonso.
Iwe umagwira ntchito komweko. Kodi suona?"

Ndimaona, mlongo wanga.
Ndinakuona pa tsamba 212.
Koma liwu limodzi likadumpha pa tebulo lino
maloya adzalitola ngati ndalama yagwa mumsewu,
mlandu wonse n'kufera pakhomo la khoti,
iwe n'kupitiriza kulumidwa chidendene.

Zimenezi sindinanene.
Ndinati, "Tandipatsira mafuta."
Anandipatsira, osandiyang'ana.
Mlamu wanga Idalina anakweza wailesi.

Amati chinsinsi chili ngati khala lamoto m'thumba.
Changa sichitentha. Chimazizira,
ngati kiyi wa nyumba ya eni ake
amene wauzidwa kusunga, osatsegula.

Mwina zaka ziwiri. Mwina zisanu.
Mwina Bambo Sequeira adzapeza kuti anthu atatu aja
anangoyetsemuladi, palibe anauzana,
failo n'kutsekedwa, inki yanga n'kugona m'kabati yachitsulo.
Si ine woweruza. Ine ndinangowolotsa mapepala.

Madzulo ndikutsika msewu wa ku Graça
ndinaima pa zenera la shopu yake, magetsi atazima.
Nsapato zofiirira, saizi yanga, zinali kutsogolo.
Lolemba ndinabwerera kukagula.
Anatulutsa kamakina ka khadi, mwachizolowezi.
Ndinakakankhira pambali,
n'kumuwerengera ndalama zamapepala m'manja,
imodzi imodzi,
iye akundiyang'ana nthawi yaitali.